Mkeka Wachisanu ndi Chiwiri

Tsiku lomaliza mnyamatayo kuwaona bambo ake ali moyo, iwo anali ataima pakhomo la shopu yawo, tesita ya magetsi ili kukhutu ngati pensulo ya kalipentala, m'manja atanyamula mkeka wakuda wa labala umene iye anabwera nawo kuchokera ku koleji. Unali m'mawa. Basi inali italiza kale hutala kawiri kumsewu, ndipo chikwama chinkamulemera paphewa.

"Injiniya, uyu ndi labala, eti?"

"Eya, ndi labala."

"Ndiye ndatenga. Wanga uja wabooka, zidendene zikugunda simenti."

"Tengani," anatero osatembenuka n'komwe, n'kuthamangira basi ija.

Mawu onse amene anawauza bambo ake tsiku limenelo anali anayi. Pambuyo pake anawawerenga kambirimbiri, koma sanachuluke.

Bambo akewo ankakonza zinthu zamagetsi: simbi zositira, mafani, mapampu a madzi, chilichonse chokhala ndi waya kumchira. Shopu yawo inali chipinda chimodzi, benchi yaitali kukhoma, mashelefu odzaza ndi zinthu zimene eni ake anaiwala kudzatenga, ndi simenti yozizira pansi. Anali ndi kachitidwe kawo kamene palibe anatha kuwaletsa. Sankazimitsa magetsi pofufuza vuto. Ankati chinthu chodwala uzichimvera chikupuma, chikazima chimakunamiza. Ndiye popeza mapazi ankawatupa, ankavula nsapato n'kuima pamkeka wa labala, zala zili m'kati mwa mawaya amoyo, akuimba kanyimbo ka m'mphuno. Labalayo ndiye anali chikhulupiriro chawo chonse. Mwana wawo ali ndi zaka zisanu anamuimika pamkekapo n'kumuuza kuti magetsi sadutsa mu labala, ndipo asadzaiwale. Dzina loti Injiniya anam'patsa tsiku lomwelo.

Ku koleji, mnyamatayo anakaphunzira kuchititsa mawu amenewo kukhala bodza.

Chaka chake chachitatu anachithera mu labotale, akuthira ufa wakuda wa kaboni, wofanana ndi mwaye, mu labala wosungunuka. Ankayeza ufawo pasikelo, kusakaniza, kupanikiza pakati pa zitsulo ziwiri zotentha, mpaka patuluke mkeka waukulu ngati chopondera cha pakhomo. Kenako ankaugunda ndi mawaya awiri a mita yoyezera magetsi kuti aone ngati magetsi akudutsa. Mphunzitsi wawo, mayi wina wamagalasi wosaseka wamba, ankafanizira ndi miyala yowolokera mtsinje. Ukaponya miyala yochepa, ngakhale ikhale yambiri ndithu, pakatsala mpata umodzi wotalika munthu sawoloka. Ukaponya umodzi wokha pampatapo, mudzi wonse uwoloka. Tinjere ta kaboni timatero m'kati mwa labala. Pali muyeso wina wake umene tikaufika timakhudzana kuchokera mbali ino mpaka inayo, ndipo labala amene dzulo ankatchinga magetsi lero amawalola kudutsa ngati msewu. Choipa chake, ndi maso sungasiyanitse. Yonse imakhala yakuda, yofewa, yonunkha tayala latsopano.

Mikeka isanu ndi umodzi yoyamba inakana. Singano ya mita inkangogona pamalo pake ngati yafa. Wachisanu ndi chiwiri anaupanga pa 14 Meyi, ndipo atangougunda ndi mawaya, singano inalumpha mpaka kumapeto. Anafuula mu labotale, mphunzitsi uja n'kumwetulira koyamba chaka chonsecho. Monga mwa lamulo la pamenepo, anatembenuza mkekawo n'kulemba deti kunsi kwake ndi utoto woyera. Mkeka uliwonse unali ndi deti lake kunsi, osati dzina kapena nambala. Yolephera ija, ya Febuluwale ndi Malichi, inaunjikidwa pansi pa tebulo, ndipo aliyense ankangotengapo, wina wopondera kubafa, wina womatira njinga.

Pa tchuthi cha sabata imodzi, iye anasololapo umodzi pamulupo mothamanga, n'kuupinda, kuti akaonetse bambo ake zimene amapanga. Madzulo a tsiku limene anafika panali mlendo pachakudya, a Fyuzi, mnzawo wa bambo ake wa zaka makumi awiri pantchito ya mawaya. Anali munthu wamfupi wadazi, ndipo dzinalo analitengera kupsa mtima kwake, kobwera mwadzidzidzi n'kutha pompo ngati fyuzi ya magetsi ikamapsa. Mnyamatayo anayamba kufotokoza za sikelo ndi ufa wakuda, asanafike n'komwe pa miyala ya mumtsinje, bambo ake anamudula.

"A Fyuzi, mukumva? Zaka zitatu ku koleji, mwana wanga akuphunzira kusakaniza mwaye. Amayi akewa amaupala wambirimbiri kumapoto, popanda mayeso."

Onse anaseka, amayi ake mpaka kutsamwa. Inali nthabwala chabe, ya mtundu umene bambo amanena pobisa kunyada. Koma iye nkhope inatentha.

"Zimenezi simungazimve," anatero. "Inu mumangolumikiza mawaya."

Kuseka kunatha. Bambo ake anayang'ana manja awo, zala zokhala ndi zipsera zoyera, n'kupitiriza kudya. Mkeka uja unakhala kuseri kwa chitseko sabata yonse, wopindidwa, ndipo palibe anaufunsanso mpaka m'mawa wa basi uja.

Atabwerera ku koleji, mphunzitsi anamufunsa kumene kunali mkeka wachisanu ndi chiwiri. Unali utasowa pashelefu. Zinapezeka kuti wosesa, poona chinthu chakuda chofanana ndi zinzake, anauphatikiza pamulu wa pansi pa tebulo tchuthi chisanayambe. Pamulupo panali patatsala itatu yokha, yonse ya Malichi. Inayi inali itapita ndi anthu anayi, ndipo mmodzi wa anayiwo anali iye.

Anatuluka panja n'kutulutsa foni, dzina la bambo ake lili pagalasi, chala chili pamwamba pake. Koma kuimba kunkafuna kuti ayambe ndi kupepesa za mawaya zija, ndipo pakamwa pake panali pasanakonzeke. Kunkafunanso kuti akavomere kwa mphunzitsi kuti iyenso anatola katundu wa mu labotale. Anadziuza kuti otenga analipo anayi, sizingagwere iye. Anadziuzanso kuti bambo ake mwina angouyala pakhomo wopukutira nsapato, ngakhale makutu ake anamva bwinobwino za zidendene zogunda simenti. Anati aimba Lamlungu. Lamlungu linam'peza akulemba lipoti, ndipo anati aimba Lamlungu linalo.

Tsiku lachisanu ndi chinayi foni inalira yokha. Anali a Fyuzi, ndipo kwa nthawi yoyamba mawu awo anali otsika. Bambo ake anali atapezeka pansi m'shopu, pafupi ndi pampu imene ankakonza, madzi a m'pampumo atayenderera pasimenti, nsapato zawo zili pambali bwinobwino monga mwa masiku onse.

Pamaliro anthu ankangoti ntchito ya magetsi ndi choncho, umaseweretsa njoka zaka makumi atatu, tsiku lina imakumbuka kuti ndi njoka. Palibe anatchula mkeka. Ndani angaukayikire labala? Shopu inatsekedwa ndi loko mmene inalili, kiyi n'kupita m'kachitini ka mabatani ka amayi ake.

Anabwerera ku koleji koma anangokhalako masabata awiri. Tsiku lina mnzake anagunda kanthu ndi mita, singano n'kulumpha, iye n'kuthamangira panja kukasanza. Mawa lake analongedza. Sanatsanzike mphunzitsi, sanafunse anzake atatu aja kuti kunsi kwa mikeka yawo kunalembedwa chiyani. Funso limenelo linali losavuta kwambiri, ndipo n'chifukwa chake ankaliopa.

Miyezi isanu anakhala pakhomo. Ankadzuka, kusesa, kukhala pakhonde kumvera makina osokera a amayi ake akugogoda. Akatumidwa kumsika ankazungulira njira yaitali kuti asadutse pashopu. Amayi ake ankam'bweretsera tiyi n'kumuuza kuti asadzimane chakudya, kuti iwo akudziwa mmene ankawakondera bambo ake. Kwa alendo ankanena monyadira mwachisoni kuti mwanayu maliro amugwira kuposa aliyense, mpaka sukulu yam'kanika. Mawu okoma amenewo ankamulowa ngati madzi otentha pachilonda. Akanakonda akanamutukwana. Chomutonthoza chinali chimodzi chokha, chonyansa: mkeka uli m'chipinda chokhoma, sungapwetekenso munthu, ndipo sungayankhule.

M'mawa wina, mvula itagwa usiku wonse, amayi ake anatchula nkhaniyo ali m'kati modula nsalu, ngati nkhani wamba. Anati dzulo anapereka kiyi wa shopu kwa a Fyuzi. Kumene a Fyuziwo amagwirira ntchito denga likudontha, ndipo zitsulo za malemu zikungochita dzimbiri, kuli bwino zigwiritsidwe ntchito ndi munthu amene ankadya nawo mbale imodzi. Anati ayamba lero lomwe.

Kapu inali pakamwa pake. Anaitsitsa bwinobwino, n'kunena kuti akubwera, n'kutuluka. Atangokhota pakona anayamba kuthamanga, matope akumuthovukira kumsana, njira yaifupi imene anali asanaiponde chichitikire maliro.

Chitseko cha shopu chinali chotsegula. Fungo lake linali lomwe lija, la mafuta ndi waya wopserera. Chipewa cha bambo ake chinali pamsomali. Simenti inali yonyowa ndi chinyezi, ikunyezimira. Ndipo patsogolo pa benchi panali a Fyuzi, ataima pamkeka wakuda uja ndi masokosi okhaokha, nsapato zawo zamatope atazisiya pakhomo kuti asadetse malo a mnzawo. Pabenchi panali fani yotsegulidwa kumsana, ikung'ung'udza, waya wake uli m'soketi.

"Ee, a Injiniya atuluka m'dzenje," anatero osacheuka. "Ndimayesa mwasanduka mpando wa pakhonde."

Mnyamatayo anawapatsa moni, mpweya ukum'thera. Kenako bodza linatuluka lokha, losalala ngati analikonzekera. Anati wabwera kudzatenga mkekawo, akufuna kuusunga ngati chikumbutso cha bambo ake.

"Chikumbutso? Tenga chipewacho. Tenga tesita, tenga magalasi awo ali m'dirowamu. Mkeka ndaimapo ine. Ukufuna ndiime pachiyani, pa digiri yako ija?"

Anaseka okha, kenako anaona nkhope yake n'kusiya. Anamuuza mofatsa kuti abwere madzulo adzakambirane, pakali pano mwini fani akudikira. Anati iwo kawirikawiri amazimitsa, si opusa ngati malemu, koma vuto la fani iyi limangobwera ikamazungulira, ndiye lero achita mwa njira ya mnzawo. Anatambasula dzanja kulowetsa zala kumsana kwa fani.

Swichi yaikulu inali kumanzere kwa chitseko, pamene inakhala moyo wake wonse. Mnyamatayo anaikoka ndi manja awiri. Fani inazungulira pang'onopang'ono n'kuima, babu n'kuzima.

A Fyuzi anaphulika monga mwa dzina lawo. Anamufunsa ngati wapenga, ngati ku koleji anakaphunzirako mwano wokhawokha, ngati akuganiza kuti shopuyi ndi yake chifukwa chakuti anakuliramo. Iye anadikira kuti apume.

"Chokanipo pamkekapo, bambo," anatero. "Mwina umadutsa magetsi."

"Labala?"

"Ndinaupanga ine. Ntchito yanga inali imeneyo."

Anawafotokozera zonse ali chiimire m'kamdima ka shopuyo: ufa wakuda, miyala ya mumtsinje, mikeka isanu ndi iwiri, wosesa uja, ndi masiku asanu ndi anayi amene foni inali m'thumba mwake. Zimene anakana kufotokoza pachakudya paja zinangotenga mphindi zitatu, ndipo a Fyuzi, munthu wongolumikiza mawaya, anazimva zonse ulendo umodzi.

Anayang'ana pansi pa mapazi awo. Kenako anachotsa phazi limodzi, n'kuchotsanso linalo, pang'onopang'ono, n'kuima pasimenti yonyowa ndi masokosi awo. Anatsegula dirowa n'kutulutsa mita ya malemu, yachikasu, yomangidwa ndi tepi. Anaigwira kanthawi, mawaya ake awiri akulendewera pamwamba pa mkeka. Kenako anaibweza m'dirowa n'kutseka.

"Ine sindiyeza," anatero. "Iwenso usautembenuze."

Anakhala pampando wa malemu n'kuyamba kuvala nsapato, akulankhula ndi zingwe za nsapatozo osati ndi iye. Anati zaka makumi awiri anakhala akumuuza munthu uja kuti azizimitsa magetsi, mpaka anatopa n'kuyamba kuseka naye. Anati pansi panali madzi tsiku lija, mwina anaponda pambali, mwina anagwira benchi, ndani akudziwa. Anati mwayi ndi atatu mwa anayi kuti mkekawo ndi wabwinobwino, ndipo munthu akhoza kukhala moyo wake wonse pa atatu mwa anayi. Kuseri kwa msika kuli dzala limene amatentha zinyalala tsiku lililonse. Akauponye kumeneko uli chipindire.

"Amayi ako atsala ndi iwe wekha. Usawalande onse awiri, mwamuna ndi mwana."

Anam'pindira okha mkekawo, kunsi kwake kuli m'kati, n'kuumanga ndi kachidutswa ka waya.

Kudzala kunali utsi woyera wa zinyalala zonyowa. Anaima pamphepete, mkeka uli m'khwapa, wolemera kuposa mmene ankaukumbukira. Zimene ananena a Fyuzi zinali zanzeru ndiponso zachifundo, ndipo mtima wake unazilakalaka ngati madzi. Akanangotambasula mkono. Madzulo akanamwa tiyi pakhonde, amayi ake akanamusisita paphewa n'kunenanso kuti mwanayu ankawakonda bambo ake, ndipo iye akanagwedeza mutu. Mawa chimodzimodzi, chaka chamawa chimodzimodzi. Anaona kuti akanakhala akuyankha "eya, ndi labala" tsiku lililonse mpaka kukalamba, kwa munthu wina amene waima pa iye opanda nsapato.

Bambo wina wokankha wilibala anamufunsa ngati akutaya chimenecho, kuti ampatse iyeyo akayale pakhomo. Mnyamatayo anaukumbatira mkekawo n'kubwerera.

Anawapeza amayi ake pamakina, akupinda m'mphepete mwa diresi la munthu. Anamasula waya uja n'kuyala mkekawo pakhonde, pakati pa iye ndi iwo, n'kugwada pambali pake. Iwo anauzindikira nthawi yomweyo, phazi n'kuima pachopondera cha makina.

Anayambira pachakudya paja. Sanadumphe kanthu, ngakhale mawu amene ananena okhudza mawaya, amene iwo anawamva okha. Atafika pa masiku asanu ndi anayi anawawerenga onse, Lamlungu loyamba, Lamlungu lachiwiri limene silinafike. Amayi ake sanamudule. Manja awo anali pansalu, osagwedezeka.

"Bambo ako anakufunsa?" anatero pomaliza.

"Anandifunsa."

"Iwe unati chiyani?"

"Ndinati ndi labala."

Kumsewu kunadutsa njinga ikuliza belu. Kenako amayi ake anayamba kulankhula motsitsa, maso ali pamkeka. Anati masiku aja iye atabwerera ku koleji bambo ake ankaonetsa mkekawo kwa aliyense wolowa m'shopu. Wobwera ndi simbi, wobwera ndi wailesi, onse ankauzidwa kuti taonani, mwana wanga wapanga yekha ku koleji, wapangira ine. Unali wautali pang'ono kuposa malo a pabenchi, koma anakana kuudula. Madzulo alionse ankaupukuta ndi kansanza.

Mnyamatayo anagwetsa mutu mpaka chipumi chinatsala pang'ono kugunda simenti. Ankadikira kuti amukalipire, kapena amuthamangitse, kapena amugwire. Iwo sanachite chilichonse mwa zimenezo.

"Wanena kuti sukudziwa ngati ndi womwewo."

"Sindikudziwa, amayi. Kunsi kuli deti. Likakhala la Febuluwale kapena Malichi, ndi wabwino. Woipawo ndi wa pa 14 Meyi."

"Ndiye tembenuza."

Anagwira ngodya ya mkekawo, koma zala zinakana. Anayesanso, ndipo ngodyayo inam'pulumuka n'kugwa. Amayi ake anachotsa diresi lija pamiyendo, kulipinda bwinobwino, n'kuliika pamakina. Anatsika pampando n'kugwada pafupi naye, phewa lawo likukhudza lake, n'kuutembenuza okha mkekawo.

Kunsi kunali fumbi la simenti ndi madontho ouma a madzi. Anapukuta pangodya ndi m'mphepete mwa nsalu yawo mpaka utoto woyera unaoneka, zolemba za mwana wawo, zopendekera kumanja monga ankalembera kuyambira ali wamng'ono. Magalasi awo anali atatsala pamakina, ndiye anabweza mutu m'mbuyo pang'ono kuti aone bwino, n'kuwerenga mokweza.

"14 Meyi."